Mbiri ya a Musataye, Opulumutsa Zitsulo

Abale, abusa, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ine ndine mlamu wa malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Agona apawa, dzina lawo la m'kaundula ndi ochepa akulidziwa. Tonse tinkangoti a Musataye. Anabadwa m'chaka cha 1957, m'nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa siteshoni ya mabasi, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera sitandade 7, ndipo ankakonda kunena kuti sukuluyo ndi imene inayamba kutopa nawo.

Mu 1976 analowa ntchito ku kampani ya mabasi, kuyadi yakumbuyo komwe ankakankhirako mabasi ochita ngozi ndi okalamba. Kumeneko kunali magulu awiri. Ena anali a nyundo ndi moto wodulira zitsulo. Awo ankaphwanya basi, zitsulo zikayezedwe pa sikelo n'kukasungunulidwa. Malemu anali a gulu la sipanala. Ankalowa m'basi a nyundo asanafike, n'kumasula chilichonse chimene chikanagwiranso ntchito: sitata, pampu ya mafuta, magiya, ngakhale chogwirira cha chitseko. Munthu akawatchula kuti ophwanya mabasi ankakwiya mpaka ndevu kunjenjemera. Ankati wophwanya amafunsa kuti chitsulochi chikulemera bwanji, koma wopulumutsa amafunsa kuti n'cha chiyani, ndipo akuchisowa ndani.

Mu 1981 anakwatira mlongo wanga, mayi akhala apowa. Mayiwa amanena mpaka lero kuti pa zinthu zonse zimene malemu analowetsa m'nyumba, chatsopano anali iwo okha. Anakhala limodzi zaka zoposa makumi anayi, akukangana za mabawuti opezeka m'matumba a zovala pochapa.

Kumpingo anali dikoni wokhulupirika. Mipando yofewa yakutsogolo ija inachoka m'basi imene inagubuduzika, ndiye amene mumawodzera pa ulaliki musamadziimbe mlandu kwambiri.

Kampani itatsekedwa mu 1998, anachita lendi shedi yamalata pafupi ndi nyumba yawo, n'kukhomamo mashelefu makumi anayi. Munthu ankabwera ndi chitsulo chothyoka chimene m'sitolo anamuuza kuti anasiya kale kupanga. Malemu ankachitembenuza kawiri, kulowa m'shedi, n'kutuluka ndi chinzake. Zigayo, mapampu a madzi ndi magalimoto ambiri akuyenda lero chifukwa cha manja amenewa.

Koma cholakwa chimodzi ndichinena, poti ndinawauzanso ali moyo. Sanalembe kanthu pa chitsulo ngakhale chimodzi. Ukawadzudzula ankaloza kumutu kwawo, amvekere kaundula ali muno, ndipo chiswe sichingamudye. Ana awo sanawalole kugwira girisi, ankafuna akhale a manja oyera. Anzawo a ntchito sanawaphunzitse, ati amafulumira kutola nyundo.

Mu Febuluwale chaka chino anagwa pakhomo la shedi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, ndipo pakamwa panatsekeka. Mwezi womwewo mwini malo anatiuza kuti wagulitsa, shedi ikhale itachoka pakatha miyezi itatu.

Tinayesetsa, abale, Mulungu ndi mboni. Tinaitana amakaniko anayi. Anazungulira mashelefu, kukanda m'mutu, n'kunena kuti popanda wodziwa kuti ichi n'cha makina ati, ndipo n'chamoyo kapena ayi, zonsezi ndi zitsulo chabe. Mlongo wanga anayamba kutuntha zitsulo m'beseni lochapira, kupita nazo pabedi. Chilichonse chimene ankawaonetsa, malemu ankagwedeza mutu kuvomera kuti n'chabwino. Akawafunsa kuti n'cha chiyani, milomo inkangonjenjemera, misozi n'kumatsikira m'khutu. Tinawapatsa cholembera kudzanja lamanzere, koma zolembazo palibe anatha kuziwerenga. Miyezi itatu inatha titangotsiriza kuwaonetsa za m'mashelefu awiri.

Amene anaitana lole ya ogula zitsulo ndi ine ndaima panone. Tsikulo tinanyamula malemu kupita nawo kuchipatala kukapimitsa, kuti asamve phokoso. Ntchito ya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri inakwera m'lole masana amodzi, ikuponyedwa ndi mafosholo. Tinagwirizana kuti tisawauze.

Patapita masiku awiri kunabwera bambo wina wochokera kutali, mwini pampu ya madzi, wosadziwa kanthu. Anangolowa kudzaona wodwala, n'kutulutsa chitsulo chake chothyoka. Malemu atachiona nkhope inawala koyamba chidwalireni. Anakweza dzanja lamanzere, kuloza kushedi, n'kuonetsa zala zitatu, kenako n'kulozetsa pansi. Tonse tinamva: shelefu yachitatu, mzere wam'munsi. Bamboyo anathamangira kushedi, napeza pansi posesa. Anabwerera manja lendee, n'kuima pakhomo la chipinda osalowa. Malemu anayang'ana manja a bamboyo, kenako anayang'ana ine, ndipo anatembenuzira nkhope kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo anakana chakudya. Anatisiya Lachisanu m'mawa, patatha masiku asanu ndi anayi, osandiyang'ananso.

Malemu asiya mkazi wawo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi, ndi ine mlamu wawo, amene ndinasowa nthawi yopepesa.

Alamu, ndikupepesa pano, pamaso pa anthu onsewa. Mulungu awalandire, apumule mu mtendere.