Mayi Febby Chisenga ndi Bafa la ku Chelstone

Malemu mayi Febby Chisenga, akulu anga, anabadwa pa 9 Meyi 1968 ku Kabwata, kwa makolo ochokera ku Katete. Sukulu anaiphunzira ku Kabwata komweko, ndipo mu 1988 analowa maphunziro a zamano kuno ku Lusaka. Mu 1993 anamanga banja ndi bambo Matthew Chisenga.

Anagwira ntchito m'chipatala cha boma mpaka mu 2006, pamene anatsegula chipatala chawo cha mano ku Woodlands. Odwala ankawatchula kuti ba dokota, ndipo ambiri muli pano mukudziwa kuuma mutu kwawo. Munthu ubwere ukubuula kuti zulani, iwo akaona kuti dzino lingapulumuke, ankakana. Ine ndemwe anandibweza ndi msuwachi m'manja, ndinakwiya mwezi wathunthu. Dzinolo ndikadali nalo.

Ndime ikubwerayi abale ena anandipempha dzulo kuti ndiidumphe. Pepani akuluakulu, sindiidumpha. Ndatopa kumva dzina la akulu anga likutafunidwa.

Mu 2014 mlamu wathu, mayi Regina, amene panthawiyo anali akazi a mlongo wathu a Oswell ku Chelstone, anapita kwa malemu ndi dzino losweka. Anati agwa m'bafa. Malemu ataona chilondacho anatseka chitseko n'kuwafunsa bwinobwino. A Regina anaulula kuti amenyedwa, koma anachonderera kuti asauze munthu. Chinsinsi cha wodwala dokotala saulula, ndiye malemu anasunga. Womenyayo n'kukhala a Oswell, mlongo wa malemu wa bere limodzi, wodya nawo patebulo limodzi pa Khirisimasi. Chaka chimenecho malemu anaonda, ife n'kumati ntchito yawachulukira.

Mu 2015 bafa lija linaswanso mano awiri. Malemu anapempha a Regina kuti akadandaule, a Regina anakana, malemu anakhalanso chete, uku mtima ukuwawa. Mu 2016 inathyoka nsagwada. Apo a Regina anavomera kupita kupolisi, ndipo panafunika umboni wa dokotala amene ankawathandiza.

Banja linaitanitsa msonkhano ku Chunga, n'kuuza malemu kuti anene zoti mlamu anagwa, nkhaniyo ithere m'nyumba. Malemu anangofunsa kuti, "Bafa lake ndi lotani limenelo, lomenya kumanzere kokhakokha?" Malemu anakanena kupolisi zimene anaona m'kamwa mwa a Regina, ukwati uja unatha.

Kuyambira pamenepo anasanduka wopasula mabanja. Kumaukwati sankaitanidwa. Ena akakumana nawo pamsika ankayang'ana tomato. Koma dzino likawagwira, anthu omwewo ankatumiza ana awo kukafunsa ngati ba dokota ali ndi mpata, ndipo malemu ankawalandira. Zimenezo zinkandinyansa kwambiri, ndinkawauza ndithu, koma akulu anga sankamva za munthu.

Mu Ogasiti 2023 anapezeka ndi khansa ya m'mimba. Anadwala nthawi yaitali, ndipo anatisiya pa 4 Febuluwale 2025. Ambiri amene mwalira mokweza m'mawa uno simunaponde kuchipatala. Amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala ndi a Regina.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Becky ndi Thandazani, mdzukulu mmodzi, ine mng'ono wawo, mlongo wawo a Oswell, komanso mlamu wawo a Regina. Ndamva ena akuti a Regina salinso a m'banja lino. Malemu mpaka tsiku lomaliza ankawaitana kuti mlamu, ndiye ine sindisintha.

Tikuthokoza abusa, amayi a chigwirizano, anamwino, anzawo a ntchito ndi anansi a ku Woodlands amene mwatigwira dzanja. A Regina, tikuthokozani koposa. Mano amene mukulumira mlomo apowo kuti musalire ndi ntchito ya manja a malemu, lirani momasuka.

Mzimu wa mayi Febby Chisenga uuse mumtendere, umene ife abale awo tinawamana ali moyo.