Khomo Loyang'ana ku Khola

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1963, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ambiri mwa inu mumangowadziwa kuti Amayi a Mkaka, koma kwa ife anali azakhali.

Sukulu anayamba mu 1970, nalekezera sitandade seveni. Bambo awo atathyoka mwendo panalibe wokama ng'ombe, ndiye azakhali anangonyamula ndowa n'kulowa m'khola. Anthu ankaseka kuti mtsikana wakamapo liti ng'ombe. Chaka chisanathe, osekawo anali pamzere ndi mabotolo.

Mu 1984 anakwatiwa ndi bambo akhala apawa, amene tonse timawatcha a Bilidala chifukwa cha ntchito yawo yomanga nyumba. Bambowa ankabwera tsiku lililonse kudzagula mkaka, chonsecho mkakawo umawatsegula m'mimba mpaka lero. Azakhali ankati anawalola powamvera chisoni, asanafe nawo.

Mu 1991 bizinesi inakhazikika, ng'ombe zitatu. Makasitomala awo anali alonda oweruka kuntchito, manesi, amayi a ana oyamba phala. Mkaka wa azakhali sunkaonana ndi madzi. Aliyense ankamuuza kuti akauwiritse kaye, ndipo wochita matama ankamubweza ndi botolo lake lopanda kanthu.

Mu 2022 ana ena anadwala ndi mkaka wa wogulitsa wina, kutali ndi kuno. Boma linaika lamulo loti mkaka wosaphika usagulitsidwenso popanda layisensi, fuliji ndi chipinda cha matailosi. Azakhali sanalitukwane lamulolo, pakuti iwonso anaikapo mwana ndi matenda otsegula m'mimba. Ankangofunsa kuti munthu wamkulu, ndi poto wake, akafuna kukadziwiritsira yekha walakwira ndani. Makasitomala ankabwerabe kudzawanyengerera, iwo n'kumawauza kuti akagule wa m'paketi kushopu. Ena anawanena kuti ayamba kudzimva. Mkaka wotsala ankauthira kuseri kwa khola, nkhope atayang'ana kumbali.

Mu 2023 anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti amange chipindacho, n'kutsala ndi imodzi yamakani, Nkhutukumve. A Bilidala anamanga bwino zedi. Khomo analiyang'anitsa ku khola, pulani ya azakhali, kuti ndowa isayende mtunda m'fumbi. Inspekitala atabwera, mtsikana waulemu wake, anayamikira matailosi, kenako n'kunena kuti khomo siliyenera kuyang'ana ku khola chifukwa cha ntchentche. Azakhali anamufunsa kuti, "Iwe mwana wanga, ntchentchezo zinaliwerenga lamuloli? Sizizungulira?" Mtsikanayo anaseka, koma layisensi sanapereke. Lamulo silinali lake.

Ndiye zinali zogumula khoma. Chaka chonse cha 2024 chinathera pomwepo, simenti thumba limodzi lero, lina mwezi wamawa. Njerwa ankasenza okha azakhali, BP ili m'mwamba, sitiresi ayi ndithu. Tikawauza kuti apume, ankati akapuma layisensi ikatuluka.

Pa 3 Febuluwale 2025 anagwa m'chipinda chomwecho akukolopa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lomwe ankakamira lija. Pabedi ankangofinya bulangete ndi lamanzere, ngati akuliphunzitsa ntchito. Anatisiya pa 18 Malichi m'mawa.

Khomo latsopano linatha, lili kumene boma linafuna, koma sanalowerepo ndi ndowa ngakhale kamodzi. Nkhutukumve wakana kukamidwa ndi wina aliyense, tonse watiponda, ndipo mkaka ukuuma. Banja lagwirizana kuti agulitsidwe. Choncho makasitomala amene mumafunsabe kuti tiyamba liti, tikupepesa, musadikirenso.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi alongo awo awiri. Tikuthokoza manesi a wodi ya amayi, aneba amene ankamwetera ng'ombe udzu ife tili kuchipatala, a minibasi amene anatinyamula tsiku limene anagwa lija, komanso inspekitala uja, amene anabwera kudzawazonda ndipo lero wakhala kumbuyo uko. Chonde pasakhale womuyang'ana ndi diso loipa, azakhali sakanalola.

Azakhali athu, Amayi a Mkaka, mwadzuka m'mamawa moyo wanu wonse. Gonani tsopano, muuse mumtendere.