Ndinakana kugula usipa ndi thupi langa

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa musatchule.

Ndine mayi wamasiye wa ku Nkope, ndili ndi ana atatu. Ndimagula usipa padoko, kuuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Mangochi. Amuna anga ali moyo, usipa sunkandisowa.

Atamwalira, ndinapita ndi ndowa yanga kwa mwini bwato amene ankagwira nawo ntchito. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Alamu, ndalama aliyense ali nazo. Usipa wachepa masiku ano, timayamba kupatsa amene amatidziwa kuchipinda."

Ndinayankha kuti, "Alamu, thupi langali ndinalipereka kwa Yesu." Anaseka, anzake nawonso anaseka. Kuyambira tsiku limenelo mabwato akafika ndimakhala womaliza, ndimangotola zotsala zophwanyika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amayi ena amene ndimaimba nawo kwaya Lamulungu mathandala awo ndi odzaza, ndipo njira yake tonse tikuidziwa. Mmodzi anandinong'oneza kuti, "Asisi, Mulungu amakhululuka, koma njala sikhululuka." Ine sindikuwaweruza. Abusa anandiuza kuti ndipirire. Ndapirira zaka ziwiri, mpaka mwana wanga woyamba, wamkazi, wasiya sukulu.

Sindinagonje, ndipo ndimapempherabe m'mawa uliwonse, koma musadikire kuti ndinene zoti zinthu zinasintha. Sizinasinthe. Dzulo mwana uja anayang'ana thandala lopanda kanthu, anatenga ndowa yanga n'kunena kuti, "Amayi, mawa kudoko ndipita ndine."

Ndowayo ndaibisa. Koma abale anga, ndiibisa mpaka liti?