Ndinathena Maluwa a Khonsolo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Ndine Rozina, ndimasamalira mapaki ku khonsolo ya tauni ina yaing'ono kuno ku Mashonaland. Lero ndikufuna ndikuuzeni za mwezi umene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito imeneyi ndi manja anga omwe, n'kusiya amayi anga ndi ana anga awiri pamtetete.

Ndinabadwira pa purazi, ndiye kuti famu ya fodya, cha ku Raffingora. Makolo anga anachokera ku Tete, ndipo bambo anagwira ntchito pa purazipo mpaka kumwalira. Ine ndinkangolembedwa nyengo ya fodya. Bambo atapita, mwini purazi anati nyumba za mu komboni ndi za antchito okhazikika, natipatsa miyezi inayi kuti tichoke. Ku Tete sitikudziwako ngakhale mtengo umodzi. Ndiye khonsolo itanditenga kuti indiyese miyezi itatu, n'kumva kuti wopambana amapatsidwa ntchito yokhazikika ndi zipinda ziwiri kuseri kwa paki, ndinkagona ndi kudzuka ndi zipinda zimenezo m'mutu.

Masabata oyambirira ndinkatchetcha kapinga, kutola mapepala ndi kupaka penti akatungwe a ana. Woyang'anira wathu, Mai Gwenzi, sankayamikira munthu, koma sankandikalipiranso. Amene ndinkamuopa kwenikweni anali Sekuru Kamwendo, bambo wachikulire wosesa tinjira ta m'paki. Aliyense ankadziwa kuti ndi mkulu wa kudambwe kwa anthu a gule. Amayi anandilera ndi mawu akuti anthu amenewo usamadye nawo, usamawayang'ane m'maso. Ndiye iwo akamasesa kuno, ine ndinkapeza chochita uko.

Kutatsala milungu isanu kuti kuyesedwa kwanga kuthe, Mai Gwenzi anandipatsa mabedi asanu ndi atatu a maluwa a pa geti. Anati ndiwapalire ndi kuwakonza, chifukwa makhansala adzayendera paki sabata yanga yomaliza. Maluwawo anali oonda, aatali, lililonse ndi kamutu kamodzi kosamasula pamwamba. Amene munagwirako fodya mukudziwa zomwe manja amachita akaona zotere. Fodya samulola kuti achite maluwa. Umamuthena, kubudula nsonga yake, kuti mphamvu ipite ku masamba. Ntchito imeneyo ndinaiyamba ndili kamtsikana, ndimatha kuigwira nditatsinzina. Sindinafunse munthu, ndipo chimene ndimachita nacho manyazi n'chakuti ndinkadzimva. Ndinkati lero a m'tauni aone mmene ife a pa purazi timagwirira ntchito. Pofika masana wilibala inali itadzaza timitu ta maluwa, ine ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Mai Gwenzi atafika anayang'ana wilibala, n'kuyang'ana mabedi. Anangoti, "Nhai Rozina, waitei?" kutanthauza kuti, wachita chiyani? Sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anandiuza mofatsa kuti anthu amabwera m'paki kudzaona maluwa, osati masamba, kuti mbande zina kulibe ku nazale, ndipo ngati pa geti padzakhale pobiriwira chabe tsiku la makhansala, ndibwerere kumene ndinaphunzira zimenezi. Safunsa anadya phula, ine ndinadya wilibala yathunthu.

Mantha amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Loweruka ndinakwera kombi kupita ku purazi, ndipo ndinapeza amayi atayamba kale kumanga mapoto m'masaka. Anandifunsa ngati kuseri kwa zipindazo kuli malo a khola la nkhuku zawo. Ndinati alipo, n'kutuluka panja kuti asaone nkhope yanga. Mwana wanga wamkazi anali atauza kale anzake onse kuti akukakhala ku tauni. Pobwerera ndinkaona m'maganizo katundu wathu ali m'mbali mwa msewu wa ku Banket, mvula ikumuvumba, amayi atakhala pa saka.

Nthawi ya chakudya chamasana ndinkalowa mu shedi ya zida, n'kugwada pakati pa makasu ndi mapaipi. Pemphero langa linalibe mawu okongola. Ndinkangoti Ambuye, ndalakwa ndine, musalole amayi agone panja chifukwa cha matama anga. Ndipo taonani uchitsiru wa mantha: ndinafika poganiza kuti mwina Sekuru Kamwendo ndiwo anandilodza manja.

Patatha masiku khumi, ndinaona timphukira tikutuluka m'khwapa mwa masamba. Mu fodya, ukathena, mphukira zimabwera, ndipo umazichotsa zonse chifukwa zimaba mphamvu. Ndinaganiza kuti ndikazichotsa, nsonga zidzamera msanga. Ndinagwada m'mawa umenewo n'kuyamba kubudula. Nditafika pakati pa bedi loyamba, tsache linagwa patsogolo panga.

"Mwanangu, chotsa dzanja pamenepo."

Anali Sekuru Kamwendo. Ndinachotsa dzanja msangamsanga.

"Wakulira mu fodya, eti? Ndinakuona tsiku lija, koma ndikayandikira umathawa ngati waona njoka. Mu fodya mphukira ndi wakuba. Muno mphukira iliyonse ndi duwa. Ukamaliza kuchotsa izi, ntchito yako yathera pomwepa."

Anakhala pa njerwa za m'mphepete mwa bedi n'kundiuza kuti anagwira zaka zambiri m'dimba la maluwa la kunyumba kwa mwini purazi cha ku Arcturus. Kumeneko maluwa a mtundu uwu ankawabudula dala kuti achite nthambi, kungoti ankatero akadali aang'ono. Anati ine ndinachedwa ndipo ndinadula mozama, koma sanafe. Ndinawafunsa ngati adzamasule nthawi yake. Anati, "Ine sindine Mulungu. Iwe pemphera, tizithirira limodzi."

Mawa lake anabwera ndi thumba la zitosi za nkhuku zawo pa njinga. Anandionetsa kuviika thumbalo mu diramu ya madzi, n'kumathira madziwo pa tsinde, osati pa masamba, dzuwa lisanakwere. Tsiku ndi tsiku ankandinyamulira keni yothirira asanayambe kusesa. Mantha sanathe ayi. Ndinkawerenga masiku, ndinkasuzumira m'nthambi ngati munthu wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana, ndipo Sekuru ankandiseka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yachinayi timitu tinaoneka, tobiriwira, tolimba ngati nandolo. Kutatsala masiku atatu, anali atamasula sanakwane khumi. Tsiku limenelo ndinalira mu shedi mpaka Mai Gwenzi anagogoda kufunsa ngati ndadwala.

M'mawa wa tsiku la makhansala ndinayenda wapansi ndikuopa kudzutsa mutu. Nditakhota pa geti ndinaima. Mabedi anali achikasu ndi ofiira, mtengo uliwonse umene unali ndi kamutu kamodzi uli ndi maluwa anayi kapena asanu. Sanamasule onse, koma anakwana. Theka la bedi loyamba, limene ndinachotsa mphukira, linali lobiriwira chabe, masamba okhaokha.

Khansala wina anafunsa za thekalo. Ndinayankha ndekha kuti ndinalakwitsa ndine, ndipo otsalawo anawapulumutsa ndi Sekuru awo aima ndi tsache apo. Mai Gwenzi anangowonjezera kuti munthuyu analakwitsa, koma sanajombe kuthirira ngakhale tsiku limodzi. Sabata yotsatira ndinalandira kalata ya ntchito ndi makiyi awiri.

Titasamuka ndinawauza amayi zonse, mpaka dzina la wondithandiza ndi kumene amavina. Kenako anagwira nkhuku yawo yaikazi yoikira kwambiri, anaimanga miyendo, n'kuyenda nayo mpaka m'paki. Amayi omwe aja, amene ankati tisawayang'ane m'maso, anagwada pa kapinga n'kuomba m'manja, nati, "Bambo, mwasunga ana anga." Sekuru anavula chipewa.

Lero ndili ndi zaka zingapo pa ntchitoyi, ndipo mabedi onse ndi nazale zili m'manja mwanga. Akabwera watsopano wochokera ku purazi, tsiku loyamba ndimamuuza apise manja m'thumba, afunse kaye.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwa mu shedi. Ine ndinkadikira thandizo kuchokera kutchalitchi kapena ku ofesi, koma Iye analitumiza kudzera mwa munthu amene ndinkamuthawa. Inu amene muli pa mantha lero, makamaka amene mwadzipalira nokha ngati ine, musasiye kupemphera, musasiye kuthirira. Amayi ali pakhonde pano pamene ndikulemba, akuthamangitsa nkhuku pa maluwa anga.