Thumba Limene Ndinadzimangirira M'chiuno

Abale ndi alongo, ine sindidziwa kukometsera mawu. Ndinena mmene zinalili.

Ndinabadwira ku Kasanda. Agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito mu mgodi. Mgodi unatsekedwa, agogo anamwalira, ife tinatsala ndi fumbi la mtovu pakhomo. Sukulu ndinalekezera Giredi 10. Mphunzitsi wina ananena pamaso pa kalasi yonse kuti ana a ku Kasanda mitu yathu inadyedwa ndi mtovu. Anzanga anaseka. Ine ndinanyamula chikwama, sindinabwererenso.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi yankho limodzi pa chilichonse: tinafa kale. Amayi akati kafune ntchito, tinafa kale. Mlongo wanga wamkulu Tisa akati tiye kutchalitchi, tinafa kale. Ndinkamwa mowa waukali wa m'timabotolo, botolo likatha n'kuliponya m'ngalande. Ndinkanena poyera, ndipo ndinkakhulupirira, kuti imfa itabwera sindingasunthe ngakhale phazi.

Loweruka lina m'mawa Tisa anandivundukula bulangeti.

"Iwe, dzuka. Gulu lathu la kwaya likupita ku mtsinje wa Mulungushi kukatola zinyalala. Pakuperewera munthu mmodzi."

"Ndine wa khonsolo ine?"

"Masana kuli nkhuku."

Ndinapitira nkhuku. Sindinganame m'nyumba ya Mulungu.

Kumtsinje tinapeza timabwato ta pulasitiki topapatiza, tokwera munthu mmodzi, timene amati makayaki. Tinachita kubwereka kwa mwini famu wina wa kumeneko. Wotitsogolera anali ba Mwape, mkulu wa mpingo uno, awo akhala kumbuyo uko akudziyesa ngati sakumva. Iwo anakulira pamadzi ku Lukanga. Anatipatsa aliyense nkhafi, thumba, ndi jekete yoyandamitsa munthu.

"Jekete mumange zingwe zonse," anatero. "Botolo lililonse khuthulani madzi, tsekani chivindikiro, ndiye muike m'thumba. Zagalasi ndi zamatope muziunjika pamtunda. Ndipo thumba musalimangirire pathupi. Mwamva, mwaice?"

Mwaice ameneyo, kutanthauza mwana m'chiyankhulo chawo, ndinali ine. Ndinati ndamva. Mumtima ndinati madala awa akuphunzitsa anthu kutola zinyalala ngati ndi udokotala. Sindinawauze kuti sindidziwa kusambira. Mwana wa ku Kasanda akaphunzirira kuti? Madzi amene tili nawo ndi a m'ngalande ya mgodi, ndipo amayi ankatikwapula tikangoyandikirako.

Poyamba kabwato kankangozungulira malo amodzi, atsikana a kwaya akundiseka ali pamtunda. Nditakazolowera ndinapalasa kupita pamene mtsinje wakhota, kutali ndi anzanga. Zinyalala zonse zinakodwa m'mabango pamenepo. Mabotolo, matewera a ana otupa ndi matope, nsapato imodzi, chigubu chong'ambika. Ambiri mwa mabotolowo anali ofanana ndi amene ndinkataya ine.

Kukhuthula botolo limodzilimodzi kunanditopetsa msanga. Ndinkafuna thumba lidzaze, ndidye, ndizipita. Ndinayamba kungoponyamo chilichonse, mabotolo odzaza madzi, agalasi, matewera ndi matope ake omwe. Dzuwa litakula ndinamasula zingwe za jekete. Thumba linalemera n'kuyamba kutsetsereka kumbuyo kwa bwato. Linagwa kamodzi, ndinalikoka. Kachiwiri ndinapsa mtima, ndinatenga chingwe chake n'kuchimanga pa lamba wa thalauza langa.

Kenako ndinaona mpando wothyoka wa pulasitiki patali pang'ono. M'malo moyandikira, ndinatambasula dzanja.

Bwato linagudubuzika.

Jekete inatulukira kumutu n'kuyandama yokha. Thumba linapita pansi, ndipo linanditenga. Mapazi anga anafunafuna dothi, dothi kunalibe. Madzi analowa m'mphuno, m'kamwa.

Abale, munthu uja amene ankati sangasunthe phazi anamenya madzi ndi manja ndi miyendo yomwe. Ndinkaufuna mpweya kuposa chilichonse chimene ndinachifunapo. Mutu utatuluka kamodzi ndinakuwa dzina la Yesu, dzina limene ndinkalitchula potukwana pokha.

Ba Mwape anali patali, sakanafika msanga. Anaimika bwato lawo, natenga thumba lawo n'kuliponya ndi mphamvu zonse.

"Gwira saka, mwaice! Kumbatira!"

Thumba lawo silinamire. Munali mabotolo okhuthulidwa, otsekedwa, lililonse ndi mpweya wake. Ndinalikumbatira ngati mwana akumbatira amake. Nkhope yanga inali pa zinyalala zonunkha, koma inali pamwamba pa madzi.

Langa lija linali likundikokabe.

"Masula lamba!"

"Thalauza ligwa!"

"Iwe chitsiru, masula lamba!"

Ndinamasula. Thumba linapita, thalauza linapita nalo. Ba Mwape anafika, ndinagwira kumbuyo kwa bwato lawo, anandikokera kumtunda. Ndinatuluka m'madzi ndi kabudula wam'kati yekha pamaso pa kwaya yonse. Tisa anathamanga akulira, nandikulunga chitenje chake, kenako anandimenya khofi pamsana.

Ndinasanza madzi nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti ba Mwape andikalipira. Anangokhala pansi pambali panga, akupuma mwawefuwefu. Patapita nthawi anati, "Mlongo wako amati iwe unafa kale. Ine ndaikapo maliro ambiri, mwaice. Sindinamvepo wakufa akukuwa choncho."

Ndinafuna kuwayankha mwano, monga mwa chizolowezi changa. M'malo mwake ndinalira. Ndinalirira sukulu, ndinalirira amayi, ndinalirira zaka zimene ndinataya pobwezera mphunzitsi amene mwina ngakhale dzina langa analiiwala. Koma pansi pa kulirako panali chinthu china chopepuka. Mpweya unkalowa, unkatuluka. Dzuwa linkawotcha msana. Ndinali ndisanadziwe kuti zimenezi n'zokoma.

Ba Mwape anandifunsa ngati ndingalole kuti apemphere nane. Ndinati pempherani. Pemphero lawo linali lalifupi. Langa linali lalifupi kuposa: Ambuye, ndinanama, moyo ndikuufuna, utengeni ndinu muusunge.

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Mowa ndinagwa nawo kawiri pambuyo pake, ndipo kawiri konse ba Mwape anabwera pa njinga kudzagogoda kwathu. Mtovu ukadali m'dothi la ku Kasanda, ndipo nkhaniyo imandipsetsabe mtima. Masamu akundivutabe ku makalasi a masana kumene ndinalembetsa kuti ndidzalembe mayeso. Koma ndimapita. Kusambira ndinaphunzira, ngakhale ndimasambira ngati galu. Kumtsinje ndimapitabe ndi gulu, ndipo obwera kumene ndimawayang'ana zingwe za jekete ndekha, mwaukali.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva mawu a munthu wodzaza madzi m'kamwa. Sanadikire kuti ndiyambe ndakhala wabwino.

Ngati muno muli wina amene akadzuka m'mawa amakhumudwa kuti kwachanso, asadikire mtsinje. Mtsinje subweza aliyense. Andipeze panja tikaweruka. Mapemphero aatali sindiwadziwa, koma tikagwada limodzi, ndipo amene anandimva ine akamumva iyenso.

Yesu alemekezeke. Ndikupuma, abale. Ameni.