Galu wanga wodziwa kufa

Moni omvera nonse. Ndine mnyamata wa Fomu 3 wa ku Nkope, dzina lisatchulidwe, ndipo ndili ndi galu wodziwa kufa.

Ndinamuphunzitsa ndekha pa holide. Ndikamuloza ndi ndodo n'kukuwa kuti "Phuu!", amagwa chagada, lilime panja, osadzuka mpaka ndiimbe mluzu. Mphoto yake inali usipa wotapa mobisa pathandala la amayi. Tsiku loyamba kuona zimenezi amayi analira zenizeni, kenako anandithamangitsa ndi mthiko. "Iwe, anzako akuphunzitsa agalu kulondera, iwe ukuphunzitsa wako bodza!"

Mwezi watha kunabuka chiwewe. Kunabwera lamulo loti agalu onse amangidwe podikira jekeseni, wopezeka akuyendayenda awomberedwe. Wanga anatafuna chingwe n'kuthamangira kumsewu, nthawi yomweyo amfuti akudutsa. Mfuti inalira, akuwombera galu wina, koma wanga atamva kulirako anadzigwetsa chagada, lilime panja.

"Uyu watha kale, tiyeni," anatero wamfuti mmodzi.

Amayi anandigwira dzanja. Amfuti aja atapita kutali, ndinaimba mluzu. Malemu anadzuka, kudzikutumula fumbi, n'kubwera kudzafuna usipa wawo.

Jekeseni anabayidwa sabata yomweyo. Abale, mangani agalu anu ndi tcheni, chingwe amatafuna. Koma zomuphunzitsa bodza zija, kupepesa ayi, sindipepesa. Dzulo ndawapezerera amayi kuseri kwa khitchini, usipa kudzanja lina, akumuloza galu wanga ndi mthiko uja n'kumanong'ona kuti "Phuu!"