Kudumphadumpha pa Chiuaula

Chapa, minibasi yonyamula anthu, itachedwa pa paragemu ya ku Chiuaula, mayi wina wa thumba la mbatatesi anayang'anitsitsa bambo wa tayi amene ankangodumphadumpha.

"Achimwene, linthumbu lakulowani m'buluku?"

"Ayi mayi, ndikutsuka m'thupi. Miyendo imanditupa chifukwa chokhalitsa mu ofesi. Akuti madzi ochotsa zoipa m'thupimu alibe pampu ngati magazi, amayenda mwiniwake ukamayenda."

"Ndiye mukudumpha pamalo amodzi? Ine ogula akundithawa kumsika. Senzani thumbali, tiziyenda wapansi."

"Ndavala malaya oyera, mayi."

"Malaya akachapa akazi anu. Miyendoyo achapa ndani?"

"Chabwino. Nanga mundiganizira bwanji tikafika?"

"Ndikuganizireni ine? Wodwala ndinu, mankhwala ndakupatsani aulere. Weramani ndikusenzetseni."